Nzeru Zikhale M'manja Asanafike ku Ndamera

Msewu wa M1, umene umayambira ku Songwe m'malire a Tanzania, umathera ku Marka, kumunsi kwenikweni kwa boma la Nsanje. Munthu asanafike kumathero kumeneko amadutsa m'dziko la Mfumu Ndamera, dziko la m'chigwa lotentha kwambiri, limene kum'maŵa kwake kuli Shire ndi madambo a Ndindi, ndipo kumadzulo kuli mapiri otilekanitsa ndi Mozambique. M'derali muli chipatala chaching'ono. M'nkhani zathu zino za ntchito zimene achinyamata angatsate atatsiriza Folomu 4, lero tiime pakhomo pa chipatala chotere ndi kufunsa kuti: kodi mnyamata kapena mtsikana wodzatumizidwa kumeneku atuluke m'koleji atadziŵa chiyani?

Pa zipatala zazing'ono za kumidzi, amene anthu amamutcha kuti adokotala kaŵirikaŵiri amakhala medical assistant, wophunzira zaka ziŵiri, kapena clinical officer, wophunzira zaka zitatu ndi kuonjezerapo chaka chogwira ntchito moyang'aniridwa. Pambali pake pamakhala namwino amene alinso mzamba, ndi alangizi a zaumoyo. Dziko lino lidayamba kudalira anthu otere lisanakhale ndi sukulu yakeyake ya madokotala, pakuti College of Medicine idatsegulidwa mu 1991. Malawi College of Health Sciences, imene idapangidwa mu 1996 pophatikiza sukulu za ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, imaŵaphunzitsa. Chimodzimodzinso koleji ya Malamulo ku Thyolo. M'boma la Nsanje momwemo, ku Muona, muli sukulu ya anamwino ya Trinity.

Kuchokera ku Marka kukafika pa boma la Nsanje sipakwana makilomita 30, ndipo pa mapu ulendowu umaoneka wa pafupi. Koma wodwala sayambira pamsewu. Msodzi wolumidwa ndi ng'ona m'madambo amayamba ulendo wake pa mwadiya, monga eni dziko amatchulira bwato, kenaka pa machila kapena pa njinga, ndipo pofika kuchipatala amakhala atataya magazi njira yonse. Madzi akasefukira, monga adachitira mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, mu Januwale 2022 ndiponso mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy, amene adapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ambulansi imatha kulephera kufika. Mu 2022 msewu wa M1 udaduka ku Chikwawa, chigwa chonse nkulekana ndi Blantyre. Ambulansi zoitanidwa pa nambala ya 118, zimene zidayamba mu 2019, zidaikidwa pa msewu womwewu, koma pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, kutali kumtunda. Tsono amene ali pa ntchito ku Ndamera usiku wotero alibe wina wopatsira wodwala. Chimene manja ake adaphunzira ndicho chimene wodwalayo adzalandira.

Pamenepa ndi pamene maphunziro a zangozi amasiyanirana ndi maphunziro ena. Wophunzira angathe kulemba bwino pa pepala kuti munthu wamkulu amene mtima wake waima amamukanikiza pachifuŵa ka 30 ndi kumuuzira mpweya kaŵiri, kuti pa mphindi imodzi akanikize ka 100 mpaka ka 120, ndi kuti chifuŵa chitsike masentimita 5 kapena 6. Zonsezo nzoona. Koma mugwaditseni pa chidole chophunzitsira, mudzaona zigongono zikupindika, manja akutsetsereka, ndipo pakatha mphindi ziŵiri ali ŵefuŵefu, chifuŵa cha chidole sichikutsikanso. Chidole chotere chidayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1960, ndipo adachipanga ndi Asmund Laerdal wa ku Norway, munthu amene ntchito yake idali yopanga zidole za ana. Ubwino wake ndi umodzi: wophunzira amalakwitsa popanda maliro.

Mphunzitsi wodziŵa ntchito safulumira kulongosola. Amayamba wachita yekha chinthucho, osalankhula, pa liŵiro lake lenileni. Amabwerezanso pang'onopang'ono akunena chifukwa cha kagwiridwe kalikonse. Kenaka amauza wophunzira kuti, "Tsopano ndiuze iwe chochita," iye nkumangotsata, ngakhale molakwika, kuti cholakwacho chioneke ndi maso. Pomaliza pake ndi pamene wophunzira amagwada yekha. Ndipo sachita kamodzi ayi. Paja mphini yobwereza ndiyo imaŵala.

Luso limene limafuna kubwereza kwambiri ndi la mwana wobadwa osalira. Mzamba ali ndi mphindi imodzi yokha kuti amupukute, amusisite kumsana, ndipo ngati sakupumabe, ayambe kumupopera mpweya ndi kathumba ka mphira kokhala ndi chovundikira mphuno ndi pakamwa. Pofotokoza nchapafupi. Pochita, chovundikiracho chimasiya mpata pa tsaya, mpweya nkumathaŵira kunja. Kapena mutu wa mwana umapendekera kwambiri, njira ya mpweya nkutsekeka. Wophunzira amapopa ndi mtima wonse, maso ali pa kathumba, osaona kuti kachifuŵa sikakukwera. Ndi mphunzitsi woima pambali pake yekha amene angamugwire chala, kuchisuntha pang'ono, nkumuuza kuti, "Yang'ana chifuŵa, usayang'ane dzanja lako." Buku silingachite zimenezi.

Kolera nayo, imene mu 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi, ndi mlendo wodziŵika m'chigwa muno. Wodwala amene angathe kumwa amapatsidwa madzi a Thanzi. Koma wolemera makilogalamu 50 amene wafika maso ataloŵa m'kati, osathanso kumeza, amafunika malita 5 a diripi: lita imodzi ndi theka m'mphindi 30 zoyamba, otsalawo m'maola aŵiri ndi theka. Masamuwo mwana wa Folomu 2 angaŵathe. Chovuta nkupeza mtsempha pa mkono wozizira umene mitsempha yake yafota, mwina ndi kuunika kwa tochi. Mkono wa mphira wa m'kalasi umaphunzitsa kagwiridwe ka singano basi. Zala zimadzazoloŵera mtsempha weniweni m'mawodi, wamkulu akuyang'anira, ndipo wophunzira amene amabisala kumbuyo kwa anzake pa nthaŵi imeneyi akudzisungira tsoka.

Pali luso lina limene ife Amalaŵi tinganyadire, pakuti lidakulira kwathu konkuno. Njira yosankhira ana odwalitsitsa pamzere, yotchedwa ETAT, idayesedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake adakonzanso malo olandirira ana mu 2001. Kale ana 10 mpaka 18 pa 100 alionse ogonekedwa ankamwalira. Atakonza, chiŵerengero chidatsika kufika pa 6 mpaka 8. Bungwe la World Health Organization lidafalitsa njirayi m'maiko ambiri. Mutu wake ndi wakuti wachipatala asakhale pa mpando kudikira, koma ayende pamzere, aone mwana amene akubanika, amene wagwidwa linjirinjiri, amene manja ake azizira, nkumutenga pomwepo. Izi zimafuna diso, komanso zimafuna kulimba mtima. Kwathu kuno woyamba kufika ndiye woyamba kuthandizidwa, ndipo wamkulu salumphidwa. Mtsikana wa zaka 22 amene angadutse nyakwaŵa yokhala kutsogolo, ndi ulemu wonse, kukanyamula khanda la mayi wofika kumene, ndi amene adayeserapo kale zimenezi m'kalasi, anzake atakhala pa benchi ngati odwala.

Maganizo athu ndi akuti makoleji, pokhala ambiri ali m'mizinda, asamale kuti asaphunzitse ngati aliyense adzagwira ntchito m'mzinda. Wophunzira amange mwendo wothyoka ndi nsungwi kapena katoni, aletse magazi pokanikiza ndi chitenje choyera, anyamule munthu wovulala msana pa chitseko. Adziŵe kuti bala la ng'ona ndi lauve, lofunika kulitsuka ndi madzi ochuluka ndi kulisiya losasoka poyamba. Ena adzayenera kutaya zimene adaphunzira kumudzi: wolumidwa ndi njoka samutema mphini, samuyamwa bala, samumanga mwendo ndi luzi mpaka kutupa, amamugoneka, mwendo osaugwedeza, nkufulumira naye kumene kuli mankhwala. Ndipo popeza ku Ndamera anthu amalankhula Chisena, wochokera ku Kasungu kapena ku Rumphi aphunzire msanga kufunsa pamene pakuŵaŵa m'chinenerocho, chifukwa pa ngozi palibe nthaŵi yofuna womasulira.

Aphunzitsi amene muŵerenga tsamba lino mudziŵa kale vuto la kalasi lodzaza. Ophunzira 50 akagaŵana chidole chimodzi kwa ola limodzi, aliyense amachigwira mphindi imodzi ndi timasekondi pang'ono. Nchifukwa chake mayeso a pepala okha sakwanira. Mayeso oyenera ndi aja oti wophunzira aloŵe m'chipinda, apeze chidole kapena mnzake wodzigoneka, achite ntchito kwa mphindi zoŵerengeka woyesa akuonerera, belu likalira apite chipinda china. Inu otsiriza sukulu, pamene mukulimbikira Biology, Physics, Chemistry, Masamu ndi Chingerezi, zimene makoleji aŵa amayang'ana pa satifiketi ya MSCE, mudzafunsenso koleji imene mwaisankha kuti ili ndi chipinda choyesereramo luso, ndi kuti ophunzira ake amakagwira ntchito m'zipatala ziti asanatsirize.

Luso la m'manja limaiŵalika pakangopita miyezi yochepa ngati siligwiritsidwa ntchito, ndipo pa chipatala chaching'ono pangathe masabata osabadwa mwana wofuna kupoperedwa mpweya. Motero kathumba kaja kazikhala kotsuka, pafupi ndi bedi lochirira, osati m'kabati yokiya imene kiyi wake ali ndi munthu amene wapita ku boma. Ndipo ogwira ntchito aziyeserera pa chidole mphindi zingapo asanayambe kuona odwala. Mlungu wamaŵa tidzatsata wodwala mwiniwake pa ulendo wochoka ku Ndamera kupita ku chipatala cha boma la Nsanje, ndi zimene womuperekeza ayenera kuchita m'njira.