Chikepe Chikaima, Musadzitulutse Nokha

Ntchito yanga ndi yokonza zikepe m'nyumba zosanja, ndipo funso limene limandipeza kawirikawiri ndi lakuti, "Nanga chingwe chitaduka, munthu ungatani?" Ena amadziyankha okha. Amati ungodikira chikepe chitatsala pang'ono kugunda pansi, n'kulumpha m'mwamba.

Nzeru imeneyi ndi yosathandiza. Chinthu chogwa kuchokera pa mamita 20, kutalika kwa nyumba ya nsanjika 6, chimafika pansi m'masekondi awiri okha chikuthamanga makilomita pafupifupi 70 pa ola. Munthu wamphamvu akalumpha amanyamuka pa liwiro la makilomita 10 pa ola kapena kuposa pang'ono. Ndiye kuti mwachotsa 10 pa 70, enawo akukudikirani. Komanso muli m'bokosi lotsekedwa, pansi simukupaona, ndipo mapazi sakuponda bwino chifukwa inu ndi chikepecho mukugwa limodzi. Zitachitikadi, chabwinoko n'kugona chagada pansi mutateteza mutu, kuti mphamvu ya kugundako ifalikire thupi lonse, isathere m'miyendo ndi mumsana.

Koma chikepe chosamalidwa bwino sichigwa chisawawa. Sichilendewera pa chingwe chimodzi ayi. Zambiri zimakhala ndi zingwe zachitsulo zinayi mpaka zisanu ndi zitatu, ndipo chilichonse pachokha chingathe kunyamula chikepe chodzaza anthu. Zingwezi zimadutsa pa gudumu la mota pamwamba, n'kutsikira mbali ina kumene kwamangidwa mulu wa zitsulo wolemera ngati chikepecho kuphatikizapo pafupifupi theka la katundu amene chimaloledwa kunyamula. N'chifukwa chake chikepe chopanda anthu, mabuleki atachitaya, chimathawira m'mwamba osati pansi. Ambiri ndikawauza zimenezi sakhulupirira.

Zingwe sizidukanso modzidzimutsa. Zimayamba zadandaula. Ndikamaziyendera ndimaima padenga la chikepe ndi tochi, n'kumachiyendetsa pang'onopang'ono, maso ali pa chingwe chilichonse. Ndimafufuza timawaya tothothoka tomwe timakola kansalu ukamapukuta, fumbi lofiira lotuluka pakati pa mapotedwe a chingwe lomwe limasonyeza kuti m'kati mwauma ndipo mwayamba dzimbiri, komanso malo amene chingwe chaonda. Ndikapeza zotere mopitirira muyezo, chikepe ndimachiimitsa, ngakhale eni nyumba adandaule bwanji.

Tinene kuti zonse zaduka. M'chipinda cha makina muli kagudumu kokhala ngati mbale yodyera nsima, kamene timakatcha gavanala. Kali ndi chingwe chakechake cholumikizidwa ku chikepe, ndipo ntchito yake ndi imodzi: kumva liwiro. Chikepe chikathamanga kupitirira muyezo wake, timano ta m'kagudumuka timatambasuka n'kugwira chingwecho, chingwe n'kukoka zitsulo zimene zili kunsi kwa chikepe, zitsulozo n'kuluma njanji ziwiri zimene chikepe chimayendamo. Zonsezi sizilira magetsi. Pansi penipeni pa dzenje la chikepe palinso zitsulo za masipuling'i kapena za mafuta zochepetsa kugunda.

Nzeru yoti chikepe chizidzigwira chokha ndi yakale. Mu 1854, pa chionetsero ku New York, Elisha Otis anaima pa thandala lokwezedwa m'mwamba anthu akuonerera, n'kulamula kuti chingwe chidulidwe. Thandalalo linatsika pang'ono chabe n'kuima. Mu 1857 chikepe chake chonyamula anthu chinayamba kugwira ntchito m'sitolo ina mumzinda womwewo.

Kuti chikepe chigwe mpaka pansi, kawirikawiri pamakhala kuti chinthu chachikulu chochokera kunja chaphwanya zotetezazo nthawi imodzi. Pa 28 July 1945 ndege yankhondo ya B-25 inawomba nyumba ya Empire State ku New York kuli nkhungu, n'kuwononga zingwe za chikepe. Mayi wina woyendetsa zikepe, Betty Lou Oliver, anagwa nacho nsanjika 75. Anathyoka mafupa koma anapulumuka, ndipo amati zingwe zimene zinaunjikana pansi pamodzi ndi mpweya wopanikizika m'dzenjemo zinachepetsa kugundako. Ku South Africa, pa mgodi wa Vaal Reefs, sizinathe choncho. Pa 10 May 1995 sitima yapansi pa mgodi inagwera m'dzenje n'kukanthira chikepe chonyamula anthu, ndipo ogwira ntchito 104 anafa.

Chimene chimandisowetsa tulo ine ndi china, ndipo kuno kwathu chimayamba ndi kuthima kwa magetsi. Mabuleki a chikepe amatsekedwa ndi masipuling'i, magetsi ndiwo amawatsegula. Choncho magetsi akangothima, mabuleki amagwira pomwepo. Kugwedezeka kumene mumamva, mtima n'kudumpha, sikugwa ayi, ndi kugwidwa. Chikepe chimaima pamene chafika, mwina pakati pa nsanjika ziwiri, ndipo munthu amene ali m'katimo ali pamalo abwino kuposa pena paliponse m'dzenje lonselo. Mpweya sutha, bokosilo lili ndi mipata yolowera mpweya.

Ngozi imabwera anthu akatopa kudikira. Wina amakanula zitseko ndi manja, n'kuona kuti pansi pa nsanjika pali m'munsi pang'ono, n'kuyamba kutsika chafutambuyo, miyendo patsogolo. Sakuona kuti kunsi kwa chikepe kuli mpata wolowera m'dzenje, ndipo miyendo ikalendewera imakhotera komweko. Wina ali pakati potuluka, jenereta n'kulira, chikepe n'kunyamuka. Palinso mlonda wa mtima wabwino amene amasunga kakiyi kamakona atatu kotsegulira zitseko zakunja. Amatsegula mumdima pofuna kuthandiza, n'kuponda poganiza kuti chikepe chili pomwepo, pamene chili nsanjika ina. Kakiyi kameneka sikayenera kukhala m'thumba la munthu amene sanaphunzitsidwe, ndipo ndimawauza eni nyumba mosabisa mawu.

Mukatsekeredwa, dinani batani la belu, imbani foni, uzani anthu akunja kuti aitane amakaniko a chikepe, kenako khalani pansi kutali ndi chitseko. Musalimbane ndi kachitseko kapadenga, kamatsegulidwa ndi opulumutsa kuchokera kunja. Ife tikafika timayamba tazimitsa swichi yaikulu kuti chikepe chisadzidzimuke magetsi akabwera. Kenako mmodzi amamasula buleki pang'onopang'ono, mnzake akupukusa gudumu ndi manja, mpaka zizindikiro za penti zimene zili pa zingwe zitasonyeza kuti chikepe chalingana ndi nsanjika. Apo m'pamene timatsegula chitseko.

Inu amene mumagwira ntchito m'nyumba zosanja ku Blantyre, Lilongwe kapena Lusaka, mawa mukalowa m'chikepe yang'anani ngati nambala ya foni ya okonza yalembedwa m'katimo, ndipo funsani oyang'anira nyumba kuti belu ndi nyale yangozi anaziyesa liti. Akakanika kuyankha, afunseninso mpaka aitane amakaniko.