Tsiku lomwe tinagunda ngolo m'mapiri a ku Dowa

Tinalonjeza kuti mwezi uno tikambirana za kasungidwe ka mpunga ndi mtedza, koma mutikhululukire, nkhani ija idikire kaye. Ambiri mwakhala mukutiimitsa pakhomo pa mzikiti kufunsa za pikapu ya mkamwini wathu, yomwe masiku ano ikuyenda ndi diso limodzi loyera, lina lachikasu. Tayankha mmodzimmodzi mpaka pakamwa pauma. Ndiye tati tingolemba, chifukwa pafupifupi banja lililonse kuno lili ndi wina amene amakwera mapiri aja ndi nsomba kapena mpunga.

Unali mwezi wa Juni, mwera utavuta panyanja, nsomba zikusowa ndipo mtengo wake uli wabwino kumtunda. Titaswali Fajir tinanyamuka ndi matumba a usipa wofutsa ndi chambo pang'ono cha pa ayisi, ulendo wa ku Mponela. Ife tinangokwera nawo kuti tikaone mbewu ya soya. Amene mumaudziwa msewu wa M14 mukudziwa kuti ukachoka ku Salima umayenda m'chigwa, kenako nkuyamba kukwera mokhotakhota kulowera ku Mvera ndi Chezi. Nyanja yathu ili pa mamita osafika 500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene mapiri a ku Dowa ndi Ntchisi amapitirira mamita 1,000. N'chifukwa chake kunyanja kukhoza kucha koyera, kumtunda nkhungu ili tolo.

Pa kona ina, m'nkhungu momwemo, tinangoona ngolo ili pamphuno. Mkamwini anaponda mabuleki, koma katundu kumbuyo anatikankhabe, tinamva khu! Alhamdulillah, tinali pokwera, liwiro silinali lalikulu. Nyali ya kumanzere inasweka, bampala inapindika, ladiyeta inayamba kudontha. Ngolo inapindika tayala limodzi, ng'ombe imodzi inagwada pa tala nkusupuka maondo, ndipo mnyamata woyendetsa anagwera m'mbali mwa msewu pamodzi ndi matumba awiri a chimanga. Anadzuka yekha, nkudzisasa fumbi, nkunena kuti ali bwino.

Ngozi yake inali yomweyo basi. Zotsatira zake zinatitengera milungu isanu ndi umodzi.

Choyamba chimene chimabwera m'mutu mwa munthu wa geni ndi ayisi. Mkamwini anationg'oneza kuti, "Bambo, tingomupatsa kangachepe mnyamatayu tizipita, chambo chitiwonongekera." Sitikumunyoza, mpamba wake wonse unali m'galimoto muja. Anthu anali atayamba kale kutuluka m'midzi, ena ndi makasu m'manja popita kudimba, ndipo mukudziwa mmene mtima wa dalaivala umagundira gulu likamakula. Tinamuuza kuti, "Akamwini, zimitsani injini, ikani zizindikiro. Pano sitichoka." Lamulo la pamsewu la dziko lino, Road Traffic Act ya 1997, limati wochita ngozi aime, aone ngati pali wovulala ndi kumuthandiza, apereke dzina lake ndi kumene amakhala, ndipo akanene kupolisi pasanathe maola 24. Ngati gulu lafika poopsa, kuchoka nkulunjika kupolisi yapafupi n'kwanzeru. Koma kuchoka nkulunjika kumsika, kumeneko ndi kuthawa, ndipo kangozi ka nyali imodzi kamasanduka mlandu waukulu.

Zizindikiro zofiira za makona atatu zija tinali nazo, koma zinali pansi pa matumba a usipa. Tinayamba tathyola nthambi nkuziyala patali ndithu kumtunda ndi kumunsi kwa kona, chifukwa choopsa kwambiri pa nthawi imeneyo sichinali ngolo ayi, koma lole yotsika kuchokera ku Lilongwe yomwe sikanationa. Kenako mdzukulu wathu, amene amatiseka kuti foni timangoyimbira, anajambula zithunzi tisanasunthe kanthu: pomwe panaima galimoto, pomwe panali ngolo, mizere ya matayala pa tala, maondo a ng'ombe, ndi kumbuyo kwa ngolo komwe kunalibe chonyezimira ngakhale chimodzi. Zithunzi zimenezo zinadzatithandiza kuposa mboni zonse, pakuti mboni zinayamba kuchuluka tsiku ndi tsiku, ngakhale anthu amene anafika dzuwa litakwera.

Mwini ngolo anafika, bambo wachikulire ngati ife. Tinapatsana moni, tinapepesa chifukwa cha mwana ndi ng'ombe. Iwo anati, "Shehe, zachitika, tiyeni tione mwanayu kaye." Mawu amenewo anaziziritsa gulu lonse.

Apolisi a pamsewu atabwera anayeza, analemba, anafunsa layisensi, pepala la COF ndi la inshuwalansi. Zonse zinali zamoyo, ndipo apa mkamwini timuyamikire. Pakanakhala chimodzi chotha ntchito, nkhani ikanayamba kutipendekera ngakhale ngolo inalibe chonyezimira. Lipoti la apolisi limalipiridwa, ndipo polipira tengani lisiti. Popanda lipotilo a inshuwalansi sakumverani.

Mnyamata uja anakana kupita kuchipatala. Tinamukakamiza, bambo ake natithandiza. Tsiku limenelo sanamupeze ndi chothyoka, koma kutacha dzanja linatupa ndipo khosi silinkatembenuka. Thupi likadzidzimuka limabisa ululu, umadzatuluka munthu atagona. Chifukwa choti anali ataonedwa kale ndipo zinalembedwa m'buku lake la kuchipatala, panalibe wonena kuti wavulalira kwina, ndiponso panalibe wokulitsa kuti wathyoka msana. Pepalalo linateteza mbali zonse ziwiri.

Chambo tinachigulitsa pamsewu pomwepo, pa mtengo wolira nawo. Amayi a m'mudzimo anadya bwino tsiku limenelo.

Tsopano tifike pa inshuwalansi, pomwe ambiri a ife timapunthwa. Mkamwini ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti popeza amalipira chaka ndi chaka, kampani imukonzera galimoto. Inshuwalansi yake inali ya third party, yomwe lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo. Imeneyo imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwawonongera katundu, monga mwa malire olembedwa m'pangano lanu. Galimoto yanu siikonza. Yokonza galimoto yanu ndi ya comprehensive, yokwera mtengo. Ndipo nsomba zimene mwanyamula sizili m'gulu la zonsezi, pokhapokha mutazigulira inshuwalansi yakeyake ya katundu wa paulendo. Tinaona nkhope ya mkamwini ikugwa pamene ankamufotokozera. Pitani mukawerenge pepala lanu lero, kapena mupeze mwana wa sukulu akuwerengereni. Muonenso ngati galimoto inalembedwa kuti ndi yonyamula katundu wa malonda, chifukwa ena timalembetsa ngati yapakhomo kuti tilipire zochepa, kenako nkumanyamula usipa ndi anthu a matola pamwamba pake. Tsiku la ngozi bodza limenelo limakubwererani. Amene akuona kuti kampani ikumuzengereza popanda chifukwa akhoza kukadandaula ku Reserve Bank of Malawi, kwa Registrar of Financial Institutions, komwe amayang'anira makampani a inshuwalansi.

Pali chinthu china chimene chinativuta mumtima. Mapangano a inshuwalansi amaletsa dalaivala kuvomera kulakwa kapena kulonjeza malipiro kampani isanadziwe. Ife tinaphunzitsidwa, ndipo timaphunzitsa ana ku madrasa, kuti wowononga cha mnzake abweze ndipo umboni subisidwa. Ndiye tichite bwanji? Tinasinkhasinkha usiku wonse. Maganizo athu ndi awa, ena a ilimu yoposa yathu akhoza kutikonza. Kunena zimene zinachitika ndi udindo: tinali pa liwiro lakuti, nkhungu inali chonchi, ngolo tinaiona mochedwa. Musachotsepo, musawonjezepo. Koma kugamula kuti wolakwa ndani si ntchito ya munthu amene miyendo ikunjenjemera pamsewu. Kupepesa chifukwa mwana wavulala ndi umunthu, ndipo palibe pepala lingatiletse. Kunamiza apolisi kuti tinkayenda pang'onopang'ono pamene sizinali choncho, chimenecho ndiye tinakana. Zoona zake n'zakuti mkamwini ankathamangirako pang'ono kuposa mmene nkhungu inkalolera, ndipo ananena yekha.

Kampani tinaidziwitsa tsiku lotsatira. Koma Juni ndi nthawi yotuta, ngolo ya ku Dowa imagwira ntchito kuyambira mbandakucha, kututa chimanga, mtedza ndi soya, yawo ndi ya aganyu. Bambo aja sakanadikira mapepala. Tinauza kampani kuti za ngolo tikonza tokha, za mnyamata ziyende m'njira yake, ndipo tinapempha kuti zimenezi azilembe.

Apa ndi pomwe nkhani inafuna kutipulumuka. Tsiku loyamba dandaulo linali tayala. Tsiku lachitatu panabwera mphwawo wa mwini ngolo kudzanena kuti ng'ombe sidzakokanso, tigule ina. Sabata isanathe panawonjezeka ndalama za maganyu onse amene ngolo ikanagwira mpaka Ogasiti. Kumbali yathu nakonso achibale anayamba kulimba mtima: ngolo yopanda chonyezimira m'nkhungu, iwowo ndiwo atilipire nyali ndi ladiyeta. Aliyense amene sanalipo anali ndi mawu ambiri kuposa amene tinalipo.

Tinapempha kuti tikumane kwa amfumu a m'mudzi mwawo, osati kwathu, ndipo tisanakhale pansi mlangizi wa ziweto aione ng'ombe. Anaiona, anati ndi zilonda za pakhungu, fupa lili bwino, ipume milungu iwiri ndi mankhwala. Nkhani yogula ng'ombe inathera pomwepo. Wowotcherera zitsulo anatchula mtengo wa tayala ndi chitsulo chake pamaso pa onse. Amfumu anafunsa mwini ngolo ngati ngolo yake inali ndi choonetsa kumbuyo, iwo anati ayi. Anafunsa mkamwini ngati akanaima bwino akanakhala kuti amayenda mofatsa, iye anati inde. Tinagwirizana kuti ife tikonza ngolo, tigula mankhwala a ng'ombe, ndi kubwereka ng'ombe ina ya milungu iwiriyo kuti goli lisagone. Iwo anasiya za maganyu, ife tinasiya za nyali.

Kenako tinatulutsa kope ndi cholembera. Ena anaseka, amati akuluakulu akagwirana chanza zatha. Tinawauza kuti m'Qur'an ndime yaitali kuposa zonse, ya 282 mu Surat Al-Baqara, ikunena za kulemba ngongole ndi kuika mboni, ndipo si chifukwa choti anthu ndi akuba, koma chifukwa amaiwala ndipo amamwalira. Mwini ngolo, yemwe ndi mkulu wa mpingo kwawo, anati zimenezo n'zomveka. Tinalemba tsiku, zimene zawonongeka, zimene aliyense achite ndi tsiku lomalizira, ndi mawu akuti za ngolo ndi ng'ombe zathera pamenepa. Za kuvulala kwa mnyamata sitinazitseke m'pepalalo, chifukwa thupi la munthu sitingaligamule pansi pa mtengo. Mboni ziwiri uku, ziwiri uku, chidindo cha amfumu, aliyense pepala lake.

Inu a ku Nkhotakota amene mumadzera msewu wa M18 kupita ku Malomo ndi Kasungu, zonsezi zikukukhudzani, koma muwonjezepo chimodzi. Msewu wanu umadutsa m'nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota, komwe a African Parks anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete m'zaka za 2016 ndi 2017. Mukagundana m'menemo musamayendeyende pansi kukangana za bampala. Jambulani msanga, patsanani manambala, nkhani mukaikambire kunja kwa geti.

Galimoto yathu inakokedwa mpaka ku Salima. Ladiyeta anaimata, bampala anaiwongola ndi nyundo. Nyali yatsopano mtengo wake unatiimitsa mutu, pakuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zipangizo za galimoto sizigwirika. Makaniko anatipezera yakale yochotsa pa galimoto ina, ndiyo yachikasu mukuionayo. Milungu itatu pikapu ili pagalaja mkamwini ankatumiza usipa pa minibasi, phindu likuthera m'njira.

Mnyamata uja dzanja linaphwa, wabwerera pa ngolo. Ulendo wathu wotsatira tinaima pamudzipo kukasiya zonyezimira ziwiri zofiira, mkamwini anazikhomera yekha kumbuyo kwa ngolo. Bambo aja anatipatsa ndowa ya mtedza, ife tinasiya kathumba ka usipa. Soya uja sitinagule, ndalama yake inapita ku tayala, moti chaka chino mundawo tibzalamo chinangwa. Za kasungidwe ka mpunga tikambirana mwezi wamawa, Insha Allah.