Zoposa zonse pa masewera omanga mapaki a zisangalalo

Pa masewera a pa kompyuta omanga mapaki a zisangalalo, amene sanapezebe womugwetsa ndi RollerCoaster Tycoon, amene anatuluka mu 1999. Wosewera amayala njanji zokhotakhota za ma roller coaster, amaika mitengo ya matikiti, amalemba ntchito osesa ndi amakaniko, kenako n'kumamva madandaulo a alendo akakhala ndi njala kapena akasochera. Chaka chimenecho anagulidwa kuposa masewera ena onse a pa kompyuta ku America.

Koma chimene ine chimandigometsa si malonda ayi. Pulogalamu yonseyi anailemba munthu mmodzi, Chris Sawyer wa ku Scotland, ndipo pafupifupi 99 peresenti anailemba m'chilankhulo cha assembly. Chilankhulo chimenechi n'chowawa kwambiri kulemba, chifukwa munthu amauza purosesa kanthu kalikonse kamodzikamodzi, ngati kusoka chovala chonse ndi singano ya pamanja. Phindu lake linaoneka: ngakhale makompyuta ofooka a nthawi imeneyo ankayendetsa alendo ambirimbiri nthawi imodzi, aliyense ndi ndalama zake m'thumba, ludzu lake ndi mseru wake. Zithunzi anajambula Simon Foster, nyimbo anapeka Allister Brimble, koma injini yake inali ya Sawyer yekha.

Wamkulu pa msinkhu ndi Theme Park, wa kampani ya Bullfrog, wa 1994. Mmodzi mwa amene anamukonza limodzi ndi Peter Molyneux anali mnyamata wa zaka 17, Demis Hassabis, yemwe mu 2024 analandira mphoto ya Nobel pa chemistry. Palibe masewera ena a mtunduwu amene angadzitame ndi munthu wotero.

Nanga ulendo wautali kwambiri? Apa osewera okha ndiwo amapikisana. Mu 2012 kunatchuka Mr. Bones' Wild Ride, njanji ya mu RollerCoaster Tycoon 2 imene sitima yake inkakwawa kwa mphindi 70 zenizeni, zomwe ndi zaka zinayi pa kalendala ya m'masewerawo. Marcel Vos wa ku Netherlands anadzaposa pamenepo kutalitali pomanga njanji yotenga zaka 12 zenizeni kuti sitima ifike pothera. Ena angati n'kutaya nthawi, koma kuti munthu achite zimenezi ayenera kudziwa masamu a masewerawa mpaka mkati.

Pa kukongola, ulemu upite kwa Frontier Developments a ku Cambridge, amene anapanga RollerCoaster Tycoon 3 mu 2004, momwe wosewera amatha kukwera nawo sitima pa njanji yomwe wamanga, kenako Planet Coaster mu 2016.

Wokhalitsa ndi RollerCoaster Tycoon 2 wa 2002. Kuyambira 2014, anthu odzipereka akhala akumulembanso mwatsopano pa dzina la OpenRCT2, ndipo lero anthu angapo amatha kumanga paki imodzi pamodzi kudzera pa intaneti. Amene muli ndi kompyuta yakale, yambirani pamenepa, chifukwa safuna makina amphamvu.