Kumene Paulo Woyera anaothera moto

Ambiri a ife tinamvapo m'chalichi nkhani ya combo cimene cinasweka pa nyanja cikupita ndi Paulo Woyera ku Roma ngati mkaidi. Buku la Nchito za Atumwi, mutu 27 ndi 28, limatiuza kuti munali anthu 276, ndipo onse anapulumukira pa cisumbu ca Malta, kumene eni dziko anawasonkhera moto cifukwa ca mvula ndi mphepo. Izi zinacitika ca m'caka ca 60. Kodi malowo akali kudziwika lero?

Anthu a ku Malta amaloza tauni ya m'mphepete mwa nyanja, kumpoto kwa cisumbu cao, yochedwa St Paul's Bay. Pa kacisumbu ka miyala pafupi ndi gombe paimilira cifanizo cacikulu ca Paulo cimene anacimanga mu 1844. Papa Yohane Paulo Waciwiri, uja anaticezera kuno ku Zambia mu 1989, anafika pamenepo pa boti mu 1990. M'tauni muli kachalichi pamalo amene amati ndi pomwe panasonkhedwa moto uja, njoka n'kuluma Paulo pa dzanja. Kanaphwanyidwa ndi mabomba pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndipo anakamanganso.

Koma ife alimi, malo otikhudza mtima ali kumtunda pang'ono, pa citunda coyang'ana cigwa ca Burmarrad. Pali kachalichi kena kochedwa San Pawl Milqi, kutanthauza kuti Paulo analandilidwa. Mwambo wa kumeneko umati apa ndi pamene panali nyumba ya Publiyo, mkulu wa cisumbu, amene anasunga alendowo masiku atatu. Akatswiri ocokera ku Italy anakumba pansi pake kuyambira mu 1963 mpaka 1968. Anapeza ciani? Sanapeze nyumba ya mfumu yodzala golide ai. Anapeza famu yaikulu ya nthawi ya Aroma: mphero za miyala zophwanyira zipatso za olivi, malo ofinyira mafuta, ndi maenje osema m'mwala momwe mafutawo anali kudikha. Akatswiri sagwirizana ngati Paulo anagonadi pamenepo, koma za nchito ya pamalopo palibe wotsutsa. Anali anthu oyenga mafuta, odziwa nyengo yokolola, monga mnzathu wofinya mpendadzuwa. Pansi pa citundaco anthu akali kulima ndiwo zamasamba mpaka lero.

Kutsidya kwa doko, ku Xemxija, kuli njira yakale ya miyala yokwera phiri. M'mbali mwake muli manda osema m'thanthwe ndi nyumba za njuci. Alimi akale anaboola timabowo tambiri m'zipupa za miyala, n'kuikamo mbiya zadothi zogoneka, njuci zikulowera kunja, mwini wake akufula uci ali mkati. Ife timapacika ming'oma m'mitengo. Iwo mitengo inawacepera, nzeru n'kupita ku mwala.

Cina cakale kwambiri ndi kacisi wa ku Buġibba, womangidwa ndi miyala ikuluikulu zaka zoposa 4,500 zapitazo, Paulo asanabadwe ndi kale lomwe. Katswiri Themistocles Zammit anamukumba mu 1928, ndipo mwala wake wosemedwa zithunzi za nsomba ukusungidwa mu mzinda wa Valletta. Nanga kacisiyo? Ali m'bwalo la hotela. Hotela inamangidwa momuzungulira, ndipo alendo amadutsa pambali pake popita kukasamba.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kale St Paul's Bay unali mudzi wa asodzi ndi alimi ocepa, woopa acifwamba a pa nyanja, n'cifukwa cake mu 1610 anamangapo nsanja ya alonda ya Wignacourt, imene ikali ciimire. Pa kalembera wa 2021 tauniyi inapezeka ndi anthu oposa 32,000, kuposa tauni ina iliyonse ku Malta. Nyumba zosanjikizana ndi mahotela zadzaza gombe, ndipo cisumbu conse n'cacing'ono kwambiri, munda ukadyedwa ndi simenti palibe kwina kokatsegula mphanje.

Pa 10 February caka ciliconse dziko lonse la Malta limapumula pa nchito kukumbukira kusweka kwa combo ca Paulo.