Kuchiza mabala a mumtima kudzera m'zojambula: maphunziro ake amayambira pati?

Namondwe wa Idai atasakaza madera a Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi mu 2019, ndiponso Freddy atabwera mu 2023, ogwira ntchito m'midzi adaona kuti ufa, mabulangete ndi mahema sizithetsa mavuto onse. Mwana amene adaona nyumba ya kwawo ikukokoloka angathe kungoti duu akafunsidwa za tsikulo. Koma akapatsidwa pepala ndi makala, kapena dothi loumbira, nthawi zina manja ake amanena zimene pakamwa palephera.

Pali ntchito imene idakhazikika pa mfundo imeneyi, ndipo pa Chingerezi amati art therapy. Dzinali adaliyambitsa mu 1942 ndi Adrian Hill, katswiri wojambula wa ku Britain, amene adaona kuti kujambula kudamuthandiza pamene ankadwala chifuwa chachikulu. Lero ntchitoyi imafuna digiri yachiwiri, ya Master's, chifukwa chithunzi chingathe kutsegula bala la mumtima limene munthu wosaphunzira sangadziwe kulitseka.

Afunse kaye: digiriyo amaivomereza ndani?

Mlimi wanzeru sagula mbewu asanadziwe ngati ingachite bwino m'munda mwake. Chimodzimodzi wofuna maphunzirowa ayenera kuyamba wafufuza ngati digiriyo idzamupatse chilolezo chogwirira ntchito. Ku South Africa chilolezocho chimachokera ku bungwe la Health Professions Council of South Africa, pamene ku Britain chimachokera ku Health and Care Professions Council. Maphunziro afupiafupi a pa intaneti alipo ambiri, ndipo ena amapereka setifiketi yooneka bwino, koma popanda chivomerezo cha bungwe lotere munthu amangotaya ndalama. Paja safunsa adadya phula. Ndi nzerunso kufunsa bungwe lolemba m'kaundula ogwira ntchito zaumoyo m'dziko lakwawo ngati lidzaizindikira digiriyo akadzabwerera.

Kumene maphunzirowa amapezeka

Kwa zaka zambiri, anthu a kummwera kwa Africa ofuna ntchitoyi ankayenera kupita kutsidya la nyanja. Zinthu zidasintha mu 2020 pamene University of Johannesburg idayambitsa maphunziro a Honours a ntchitoyi, ndipo pambuyo pake idatsegula a Master's. Wochokera kunja kwa South Africa amayenera kutumiza mapepala ake a sukulu ku bungwe la SAQA kuti liwaunike, ndipo izi zimatenga nthawi, choncho ndi bwino kuyamba msanga.

Ku Britain, sukulu monga Goldsmiths ya ku London ndi Queen Margaret University ya ku Edinburgh zimaphunzitsa digiriyi. M'dzikolo imatenga zaka ziwiri kwa wophunzira tsiku ndi tsiku. Apa pali msampha: thandizo la Chevening, limene ambiri amaliyang'anira, limalipirira maphunziro osapitirira miyezi 12, kotero silikwanira digiri ya zaka ziwiri.

Zimene sukulu zimayang'ana

Choyamba ndi digiri yoyamba, makamaka ya zaluso kapena ya maphunziro a kaganizidwe ka munthu. Chachiwiri ndi zojambula kapena zoumba za wopemphayo. Aphunzitsi safuna kukongola kokha. Amafuna kuona ngati munthuyo amagwiritsa ntchito luso lake posinkhasinkha za moyo wake. Chachitatu ndi umboni wakuti adagwirapo ntchito ndi anthu ovutika. Apa ndi pamene wogwira ntchito m'midzi ali ndi mwayi: zaka zimene adathera posamalira ana amasiye, odwala m'makomo kapena othawa kwawo ndi chuma. Azilembe momveka bwino, ndi masiku ake, ndipo apeze kalata kwa amene ankamuyang'anira.

M'kalata yopempha malo, kunena kuti amakonda kuthandiza anthu sikokwanira. Ndi bwino kufotokoza chimene adaphunzira pa tsiku limene adalephera kuthandiza wina, osatchula dzina la munthuyo.

Mtengo wobisika

Kuwonjezera pa fizi, chakudya ndi pogona, sukulu za ku Britain zimafuna kuti wophunzira azionana ndi mlangizi wake wa zamaganizo nthawi yonse ya maphunziro, ndipo kawirikawiri amalipira yekha. Palinso ndalama zoyendera popita kuchipatala kapena kusukulu kumene amakaphunzirira ntchito moyang'aniridwa.

Amene sangakwanitse zonsezi asataye mtima. Bungwe la Lefika La Phodiso la ku Johannesburg, lomwe lidayamba m'zaka za m'ma 1990, limaphunzitsa uphungu wa m'madera kudzera m'zojambula. Maphunzirowa si digiri ya Master's, koma amathandiza munthu kudziwa polekezera luso lake, ndi nthawi yoyenera kutumiza mwana kwa katswiri. Kwa mwana wakhala duu pamsasa uja, kudziwa zimenezi ndi thandizo kale.