Wakumbuyo uja ndiye akuwerengera anzake lero

Aliyense amene ndakumana naye ku Lulimile sabata ino ndamuimitsa panjira kuti amve: mwana wa mlongo wanga wakhoza mayeso, ndipo wakhoza mochititsa kaso!

Ndi mtsikana wachialubino, ndipo monga anzake ambiri otere, maso ake saona patali komanso amathobwa ndi kuwala. Kale ankamukhazika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera lolowetsa dzuwa. Zolembedwa pa bolodi zinkamuonekera ngati nkhungu ya m'mawa wa June kuno ku Lichinga. Akatsinzinira poyesa kuona, ankati akuodzera. Akayandikitsa kope kumaso, kalasi yonse inkafa ndi phwete. Ena ankamutcha napweri, ena n'kumakana kukhala naye benchi imodzi, ati khungu lake n'lopatsirana. Bodza lamkunkhuniza! Anabwereza kalasi yachiwiri, ife n'kuuzidwa kuti mutu wake sugwira. Chinandipweteka koposa n'chakuti mwanayo anayamba kuvomera yekha kuti ndi mbuli.

Kenaka kunabwera aphunzitsi ena, amayi. Anangomufunsa kuti, "Mwana wanga, ukuona apo?" Tsiku lomwelo anamusamutsira kutsogolo, kutali ndi zenera. Anayamba kulemba zilembo zikuluzikulu, uku akutchula mokweza chilichonse chimene choko chalemba. Chipewa chake chotambalala, chimene kale ankamuvulitsa ati n'chipongwe, anamulola kuvala. Anafotokozeranso kalasi yonse kuti chialubino ndi chibadwa chochokera kwa bambo ndi mayi omwe, ndipo sichipatsirana.

Abale inu, bwerani mudzamuone lero! Yemwe ankadwala mutu wabodza m'mawa uliwonse ndiye amadzutsa nyumba yonse kuti asachedwe. Amawerenga Chipwitikizi mokweza pamaso pa anzake, ndipo omuthawa aja akulimbirana benchi yake. Tsiku lina anandifunsa akuseka: "Amalume, kani anzanga ankaona zonsezi nthawi yonseyi?" Ndinamunyamula juuu, ngakhale ndi wamkulu kale.

Dziko la Mozambique linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2012, ndipo lili ndi ndondomeko ya maphunziro osasiya mwana aliyense kunja ya 2020 mpaka 2029. N'zoyamika ndithu, koma pothandiza mwana wathuyu sipanafunike ngakhale metical imodzi. Aphunzitsi a ku Niassa, mawa lino pitani ku mabenchi akumbuyo, mukawafunse ana anu mmodzimmodzi ngati akuona ndiponso ngati akumva.