Cimbale ca Graceland: Akatswiri Anakangana, Anthu Anavina

Pa 14 ndi 15 Febuluwale 1987, bwalo la mpira la Rufaro mu mzinda wa Harare linadzaza ndi anthu zikwizikwi, akuda ndi azungu pamodzi, ndipo ena anacita kucokera ku South Africa. Masiku awiriwo kunalibe mpira. Khamulo linasonkhana kudzamvera woimba wa ku America, a Paul Simon, ndi oimba a ku South Africa amene anapanga nao cimbale cochedwa Graceland. Cimbaleci cinali citakhala m'masitolo miyezi isanu ndi umodzi yokha, koma cinali citautsa kale mkangano waukulu pakati pa olemba za nyimbo m'manyuzipepala, omenyera ufulu ndi anthu wamba ogula malekodi.

Nkhaniyi inayamba ndi kaseti. M'caka ca 1984 a Simon anabwereka kaseti ya nyimbo za m'makomboni a ku Johannesburg, kumene ambiri kuno amati ku Joni. Kaliridwe ka magitala ndi akodiyoni kanawagwira mtima kotero kuti mu Febuluwale 1985 anakwera ndege kukafuna eni ace. Anakhala kumeneko pafupifupi masabata awiri akujambula nyimbo. Mwa oimba amene anagwira nao nchito munali a Bakithi Kumalo oliza gitala ya besi, gulu la Tau Ea Matsekha la Asutu, ndiponso a Ray Phiri, mtsogoleri wa gulu la Stimela. Dzina la Phiri silacilendo ku Chipata kapena ku Katete, ndipo si mwangozi ai: a Ray analeredwa ndi bambo wocokera ku Malawi, mmodzi wa machona aja anapita kumwera kukafuna nchito, amenenso anali woliza gitala. Gulu la Ladysmith Black Mambazo, la a Joseph Shabalala, loimba ndi pakamwa pokha popanda coliza ciri conse, linajambula nao pambuyo pace ku London ndi ku New York.

Cimbale citatuluka mu Ogasiti 1986, akatswiri ambiri openda nyimbo ku America ndi ku Ulaya anacitamanda koposa. Pa cisankho ca olemba za nyimbo cimene nyuzipepala ya Village Voice ya ku New York inali kucititsa caka ndi caka, Graceland cinakhala coyamba, ndipo m'caka ca 1987 cinalandira mphoto ya Grammy monga cimbale copambana ca caka.

Koma panali olemba ena amene sanafune kumva za kukoma kwa magitala. Iwo anakumbutsa anthu kuti m'caka ca 1980 Bungwe la United Nations linapempha oimba ndi ocita masewero a dziko lonse lapansi kuti asapite ku South Africa kufikira boma la tsankho la mtundu litagwa. A Simon anapitako osapempha cilolezo ku cipani ca ANC, cimene likulu lace linali kuno ku Lusaka nthawi imeneyo, ngakhale kuti mnzao wakale, a Harry Belafonte, anawacenjeza kuti ayambe aonana ndi atsogoleri ace. Pa mwambo wa kumudzi, mlendo salowa m'mudzi ndi kuyamba kuliza ng'oma asanaonekere kwa anyakwawa, makamaka ngati m'mudzimo muli maliro. Ndipo maliro analimodi. Mu Juni 1986 boma la a P. W. Botha linaika dziko lonse pansi pa malamulo a nthawi ya cipolowe, ndipo anthu zikwi zambiri anatsekeredwa popanda kuweruzidwa. Mwezi umodzi m'mbuyo mwace, pa 19 Meyi, ndege za boma lomwelo zinaponya mabomba pa msasa wa othawa kwao ku Makeni, pafupi ndi Lusaka. Otsutsawo anafunsa kuti: nanga bwanji m'cimbale conse mulibe nyimbo ngakhale imodzi yodzudzula tsankho mosabisa? Ena anati mzungu wolemera watenga nyimbo za amphawi ndi kulembapo dzina lace. A Jonas Gwangwa, amene anali kutsogolera gulu la oimba la ANC lochedwa Amandla, anali mmodzi wa osakondwa.

Anthu ogula malekodi anayankha mwa njira yao. Sanalembe nkhani zazitali. Anapita ku sitolo. Cimbaleci cinagulidwa mamiliyoni opitirira khumi pa dziko lonse, ndipo ku South Africa komweko cinayenda malonda pakati pa akuda ndi azungu omwe. Maganizo a ocikonda anali akuti lamulo la United Nations linaikidwa kuti likhaulitse boma la Mabunu, osati kutseka pakamwa oimba acikuda amene bomalo linali kuwapondereza kale. Anakumbutsanso kuti a Simon anakana kukaimba ku Sun City, malo acisangalalo kumene oimba ena ochuka analandira ndalama zambiri, ndi kuti ku Johannesburg sanaimbire gulu la anthu, anangojambula nyimbo, nalipira oimbawo kuwirikiza katatu malipiro a oimba a ku New York. Kwa iwowa, mlendo ndiye anadza ndi kalumo kakuthwa: anthu a ku Ulaya ndi ku America amene anali kungomva za South Africa pa nkhani za mfuti ndi utsi wokhetsa misozi, tsopano anamva kuti anthu akewo ali ndi luso lozama.

Si onse omvera amene anagwirizana nazo. Mu Januwale 1987 ophunzira acikuda a pa Howard University ku Washington anawapanikiza a Simon ndi mafunso okalipa. Mu Epulo caka comweco, pamene gululi linaimba ku Royal Albert Hall ku London, a bungwe la Artists Against Apartheid anaima pakhomo ndi zikwangwani, kupempha anthu kuti asalowe. Mmodzi wa oyambitsa bungwelo anali a Dali Tambo, mwana wa a Oliver Tambo, pulezidenti wa ANC. Anthu anawerenga zikwangwanizo, ambiri nalowabe.

Cimene cinasautsa otsutsa kwambiri ndi cakuti mai Miriam Makeba ndi a Hugh Masekela anavomera kuyenda ndi gululi. Palibe akanawaphunzitsa awiriwa za kuwawa kwa tsankho. Mai Makeba analandidwa pasipoti m'caka ca 1960, ndipo analephera kupita kwao kukaika maliro a mai wao. A Masekela nao anacoka kwao caka comweco. Pa bwalo la Rufaro, mai Makeba anaimba za ana a ku Soweto amene anaphedwa mu 1976, a Masekela anaimba nyimbo yofuna kuti a Nelson Mandela amasulidwe, ndipo potsiriza oimba onse pamodzi ndi khamu anaimba Nkosi Sikelel' iAfrika, nyimbo ya a Enoch Sontonga ya mu 1897, imene maimbidwe ace ndi omwe aja a nyimbo ya fuko la Zambia. Mau amene otsutsa anawasowa m'cimbale, anamveka pa bwalo. Komabe mfundo yao sinafe nazo, pakuti lamulo lotere limalimba pokhapokha ngati aliyense alisunga, ndipo munthu wochuka akalidumpha, ena amapeza ponamizira.

A Mandela atamasulidwa mu Febuluwale 1990, zinthu zinasintha. Mu Januwale 1992 a Simon anakaimba ku South Africa ndi cilolezo ca ANC, ngakhale kuti a cipani ca AZAPO anatsutsabe. Gulu la a Shabalala linapindula koposa onse: cimbale cao cochedwa Shaka Zulu, cimene a Simon anathandiza kujambula, cinalandira Grammy mu 1988, ndipo anayenda maiko ambiri. A Simon ndi a Dali Tambo anakhala pansi kukambirana za mkanganowu mu filimu ya Under African Skies ya mu 2012. Anagwirana canza, koma aliyense anatsala ndi maganizo ace. A Ray Phiri, amene anateteza cimbaleci molimba mtima m'masiku a mkangano, anadzadandaula atakula kuti dzina lao silinalembedwe monga mwini wa nyimbo zimene anathandiza kupeka, ndi kuti ndalama zimene anapezapo zinali zocepa. Anamwalira mu Julayi 2017 ku Mbombela, dera lomwe anabadwira, ali ndi zaka 70.